Mutu 5: Mawaya Awiri ndi Chombo cha Kutali

1. Malo amodzi okha

Mwezi wa Febuluwale chaka cha 1978 mvula inakhazikika m'Mulanje moti phiri limatha masiku atatu osaoneka. Pasukulu ya sekondale ya mishoni, kumunsi kwa phirilo, ana anali atatopa ndi matope. Koma a Fomu 3 anali ndi nkhani yowatenthetsa m'mitima. Kunabwera kalata yoti ku Blantyre kudzachitika mpikisano wa sayansi, ndipo sukulu iliyonse itumize wophunzira mmodzi yekha.

Ambiri ankati malowo ndi a Estele Namacha. Estele anali mtsikana wamfupi, wosakonda zoyankhulayankhula, koma wovutitsa ndi mafunso. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo analeredwa ndi amalume ake, a Danieli, amene ankayang'anira makina opangira magetsi ndi madzi a mtsinje pa esiteti ina ya tiyi. Mwana wokulira pafupi ndi makina otere saona babu likuyaka n'kungokhala chete. Amafuna adziwe kumene motowo wachokera.

Chaka chapitacho wailesi inali italengeza kuti dziko la Amereka laponya zombo ziwiri zopita kutali kwambiri m'mlengalenga, zoti sizidzabweranso. Anzake anangomva n'kuiwala. Estele anapita kwa mphunzitsi wa sayansi, a Bonface Nampinga, n'kuwafunsa kuti kodi zombozo magetsi zizikawatenga kuti, popeza kumeneko kulibe mtsinje, kulibe dizilo, kulibe mmisiri.

A Nampinga anali mphunzitsi wachinyamata, woseka ndi aliyense, ndipo ana ankawakonda. Anamuuza kuti funso limeneli ndi limene apite nalo ku Blantyre. M'mawa mwake anamubweretsera magazini atatu akunja amene ankawasunga m'sutikesi kunyumba kwawo.

Estele sankawerenga yekha. Mnzake wapamtima, Joice Muhiwa, anali naye nthawi zonse. Awiriwa anayamba kugona mabedi oyandikana ali Fomu 1. Sopo anali mmodzi, chigumu chochokera kumudzi ankanyemerana, ngakhale kiyi wa bokosi la Estele Joice ankadziwa pamene amakhala. Bambo a Joice anali ndi sitolo pa Chitakale, komanso anali mlembi wa nthambi ya chipani. Nayenso Joice ankakhoza sayansi, koma nthawi zonse dzina lake linkabwera pansi pa la Estele.

2. Zimene Estele anapeza

Kwa masabata atatu Estele anawerenga ndi kulemba m'kope lachikuto chobiriwira. Zimene anapeza zinali izi.

Zombo zoyenda pafupi ndi dziko lathu zimatenga magetsi kudzuwa. Koma chombo chikapita kutali, dzuwa limafooka, limakhala ngati koloboyi amene ukumuonera kutsidya kwa mtsinje. Choncho akatswiri amaika m'chombomo chitsulo chotchedwa pulutoniyamu, chimene chimatentha chokha, popanda nkhuni kapena mafuta, kwa zaka zambirimbiri. Kutentha kumeneko ndiko amakusandutsa magetsi.

Chovuta chinali mtengo wake. Chitsulocho sachikumba pansi ngati malasha. Amachita kuchipanga pang'onopang'ono m'ng'anjo za nyukiliya, ndipo kachidutswa kake n'kodula kuposa golide wolemera chimodzimodzi. Komanso pa kutentha konseko, kachigawo kochepa chabe ndi kamene kamasanduka magetsi, kotsalako kumangotayika. Estele atawerengera anapeza kuti magetsi onse a chombo chimodzi sangapose oyatsira mababu asanu ndi atatu a m'kalasi mwawo. Anaseka yekha, n'kumuonetsa Joice. Chuma chonse chija, mababu asanu ndi atatu basi.

Kumapeto analemba kuti njirayi ndi yotheka, koma ndi yodula, ndipo ndi yoyenera pokhapo pamene palibenso njira ina.

A Nampinga atawerenga anagwedeza mutu mokondwa, koma anati nkhaniyo ikadali ndi mwendo umodzi. Anatulutsa kapepala kodulidwa m'nyuzipepala ina yakunja. Kanali kunena za chombo cha ku Russia chimene chinagwa ku Canada mwezi wapitawo, n'kumwaza zidutswa zapoizoni m'chipululu chozizira. Chombo chimenecho chinali ndi ng'anjo yeniyeni ya nyukiliya, yaing'ono, yopereka magetsi ambiri kuposa chitsulo chotentha chija. Anamuuza kuti ayerekeze njira ziwirizo, chifukwa oweruza amakonda mwana woona mbali zonse.

Estele anazengereza. Masiku amenewo dzina la dziko limenelo silinkatchulidwa mwachisawawa. Anafunsa ngati n'zololedwa.

"Sayansi ilibe chipani, Estele," anatero a Nampinga akuseka. "Lemba. Wina akadzafunsa, udzanene kuti ndakutuma ndine."

Estele analemba ndime imodzi. Inayamba ndi mawu oti pa kuchuluka kwa magetsi njira ya a ku Russia ikuposa ya a ku Amereka, koma ngozi yake ndi yaikulu, ndipo ikachitika imagwera anthu osalakwa.

3. Mawu a amalume

Loweruka lina Estele anapempha chilolezo n'kupita ku esiteti. Ankafuna mawaya oti akaonetsere oweruza mmene kutentha kumabalira magetsi. Anawapeza amalume ake m'kanyumba ka makina, m'mphepete mwa mtsinje, akudya chinangwa chophika ndi kalongonda. Anapatsana moni m'Chilomwe monga ankachitira kunyumba.

A Danieli anamupatsa waya wamkuwa ndi wina wachitsulo. Anawapota pamodzi kunsonga, n'kulumikiza ku mita yawo yoyezera magetsi. Nsonga ina anaiviika m'madzi ozizira a mumtsinje, ina anaiika pa khala lamoto. Kasingano ka mita kananjenjemera, kenaka kanasuntha pang'ono. Estele anaomba m'manja ngati kamwana.

Atatha izi anawawerengera nkhani yonse, akumasulira m'Chichewa. A Danieli anamvetsera mutu uli pansi. Atamaliza, anapukuta manja pa ovololo n'kuyamba kuyankhula.

"Za chitsulo chako chotentha chokha ndazimva, ndipo sindikutsutsa. Ine makina angawa akadwala ndimawamva ndi khutu, n'kutenga sipanala. Koma chinthu chimene wachiponya kumene kulibe munthu chiyenera kukhala chosafuna sipanala. N'chifukwa chake chili chodula. Ukulipiriratu ulendo wa mmisiri amene sadzapitako. Pamenepo wakhoza, mwananga.

"Koma ndime yomalizayo uichotse. Ife ndife anthu a kumalire. Agogo ako anachokera kuseri kwa phirili, ndipo abale athu akadali ku Milanje, kutsidya kwa malire. Boma la kumeneko ndi bwenzi la anthu ukuwatchulawo. Mwana wochokera kutali ndi malire atalemba zimenezi, adzati walakwitsa chabe. Ukalemba iwe, adzafunsa kuti wakuphunzitsa ndani, Loweruka umapita kuti, kwanu mumamvera wailesi yanji. Panali kalaliki wina pa fakitale pano, a Lyson. Iwo anangonena pa maliro kuti kutsidyaku chipatala sakulipiritsa. Anabwera kudzawatenga cholembera chili kukhutu. Chino n'chaka chachitatu, mkazi wawo akulima yekha.

"Aphunzitsi akowo akuti udzanene kuti akutuma ndi iwo. Mawu otere amakoma kunja kuli dzuwa. Mvula ikabwera, mwini ambulera amayamba wadzifunditsa yekha. Ndiponso mnzako amene umamuwerengera zonsezi, kumbukira kuti malo ndi amodzi, inu muli awiri. Sindikuti ndi woipa. Ndikuti chinthu chimodzi chinadanitsa ana a mimba imodzi.

"Chomaliza ndi ichi. Zinthu zikadzavuta, usadzanamizire munthu kuti upulumuke. Bodza limakupulumutsa lero, mawa n'kukusandutsa kapolo wa amene akulidziwa."

Estele anavomera kuti wamva. Koma Lolemba atawauza a Nampinga zimene amalume ake ananena, iwo anati amenewo ndi mantha a anthu akale amene sanapite patali ndi sukulu, ndipo ndime imeneyo ndi imene idzamupambanitse. Estele anayang'ana nkhope yawo yosekerera ija, ndipo ndimeyo anaisiya momwemo.

4. Mu ofesi

Lachinayi m'mawa Estele anatsegula bokosi lake n'kupeza kope lobiriwira mulibe. Anafufuza pansi pa matiresi, m'kalasi, m'chipinda cha sayansi, koma ayi. Joice naye sanaoneke pa phala. Belu lachiwiri litangolira, kunabwera uthenga woti Estele akufunidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Panja pa ofesiyo panaima galimoto yotuwa ya mtundu wa Landirova. M'katimo munali anthu anayi. Mphunzitsi wamkulu, bambo waimvi, anakhala kuseri kwa tebulo. Pambali pawo panali mlendo wa suti yakuda ndi baji pachifuwa, amene anamutchula kuti ndi tcheyamani wa chipani m'deralo. A Nampinga anaima chakukhomo. Pafupi ndi zenera panali Joice, maso ali pansi. Kope lija linali patebulo, lotsegula, ndipo mzere umodzi unali utadulidwa kunsi ndi inki yofiira.

Mlendoyo anamuuza Estele kuti awerenge mzerewo mokweza. Estele anawerenga kuti pa kuchuluka kwa magetsi njira ya a ku Russia ikuposa ya a ku Amereka. Atati apitirize, mlendo uja anakweza dzanja.

"Basi, pomwepo. Tamva."

"Pali mawu ena kutsogoloku, bambo. Pali 'koma'."

"Ndati tamva. Tsopano utiuze, zotamanda anthu amenewa unazitenga kuti?"

Estele anatembenukira kwa a Nampinga. Anadikira kuti atsegule pakamwa, ndipo anatseguladi. Ananena mwaulemu, mawu osanjenjemera n'komwe, kuti iwo anamuuza mwanayu kuti alembe za zombo za ku Amereka zokha. Ndime imeneyi akuiona koyamba lero, ndipo akhumudwa nayo kwambiri.

Estele anamva ngati pansi pasuntha. 

Kenaka mlendo uja anamufunsa Joice. Iye anayankha motsitsa, osadzutsa mutu. Anati Estele ankamuwerengera zimenezi kawirikawiri, ndipo Loweruka lapitali anapita kwa amalume ake ku esiteti n'kubwerako ndi mawaya. Anati iye anachita mantha, n'chifukwa chake anatenga kopelo n'kukawaonetsa bambo ake.

Mlendo uja analemba dzina la a Danieli m'kabuku kake, n'kufunsanso dzina la esiteti. Mphunzitsi wamkulu anapempha kuti mwanayo apatsidwe mpata mpaka chakudya chamasana chitatha, alembe yekha pa pepala kumene anatenga zimenezi. Mlendoyo anavomera monyinyirika.

5. Pepala limodzi

Anamutsekera m'chipinda cha sayansi ndi pepala limodzi ndi cholembera. Mawaya ake aja anali pa shelefu, ndipo wina anali atamatapo kale kapepala kolembedwa dzina la Joice.

Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, a Nampinga n'kulowa mwakachetechete. Kuseka kuja kunali kutatha. Anakhala pa benchi moyang'anana naye n'kuyamba kunong'ona. Anati ali ndi mkazi ndi ana atatu. Anati dzina lawo linalembedwapo kale nthawi imene anali ku koleji, ndipo likalembedwanso kachiwiri sadzabwerako. Magazini aja ndi kapepala kaja, zimene Estele anali atawabwezera, anali atazitentha kale m'mawa womwewo.

"Lemba kuti amalume ako anatola magaziniwo m'zinyalala za azungu a pa esiteti, n'kukupatsa osadziwa zimene zili m'katimo. Ndi munthu wamkulu, sadziwa Chingerezi. Angowakalipira basi. Iwe sukulu upitiriza. Ku Blantyre kupite Joice chaka chino, iwe udzapita chaka chamawa."

"Aphunzitsi, munati wina akadzafunsa ndidzanene kuti mwandituma ndinu."

"Ndinanena zimenezo tili awiriwiri."

 Estele anawauza kuti amalume ake sanatole kanthu, ndipo iye salemba zimene sizinachitike. A Nampinga anaimirira. Anati ngati ndi choncho, asadzati sanamuchenjeze, chifukwa mawu a mwana wasukulu sangalemere kuposa a mphunzitsi. Anatuluka osatseka chitseko.

Pakhomopo panaima Joice, atanyamula mbale ya chakudya cha Estele. Anaiika pa benchi n'kunena kuti iye sankadziwa kuti zifika pamenepa. Ankangofuna kuti bambo ake akawauze aphunzitsi kuti nkhaniyo si yoyenera kupita ku mpikisano.

"Kiyi wanga ndinakuonetsa ndekha, Joice."

"Iwe umakhoza chilichonse," anayankha Joice misozi ili m'maso. "Ine ku Blantyre ndikanapita liti?"

Estele chakudyacho sanachikhudze. Joice atachoka, anatenga cholembera n'kulemba mizere isanu. Analemba kuti magazini atatu ndi kapepala ka m'nyuzipepala anamupatsa ndi a Nampinga. Analemba kuti ndime ija anailemba yekha atauzidwa ndi iwo. Analemba kuti amalume ake anamupatsa mawaya awiri okha, ndipo anamuletsa kulemba ndimeyo koma iye sanamvere. Pansi pake anasaina dzina lake.

Atabwerera ku ofesi anapeza mphunzitsi wamkulu ali yekha. Galimoto yotuwa ija inali itachoka. Bamboyo anawerenga pepalalo kawiri, n'kuvula magalasi.

"Mwana iwe, ndakhala pa mpando uno zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndimadziwa pepala loona ndikaliona. Ili ndi loona. Koma choona n'chimodzi, nthawi yochinenera ndi ina. Ndikalipereka lero, adzati ukunamizira mphunzitsi wako, milandu n'kukhala iwiri. Ndilisunga m'thumba mwanga, osati m'failo, mpaka nditapeza munthu woti angaliwerenge mpaka kumapeto. Unachenjezedwa ndi amalume ako, iwe n'kusankha mawu okoma a munthu amene wamudziwa zaka ziwiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero waziona wekha. Koma pokana kunamizira munthu wosalakwa wachita chinthu chimene akuluakulu ambiri chawakanika, ndipo ine ndemwe sindikudziwa ngati ndikanachitha. Tsopano tenga katundu wako upite kunyumba. Usabwere mpaka nditakuitana. Panjira usayankhule ndi munthu."

Estele anafunsa kumene a Nampinga ali. Mphunzitsi wamkulu anavalanso magalasi ake n'kuyang'ana pa zenera. Anati atuluka ndi alendo aja, ndipo sanatsanzike.

6. Njira ya m'tiyi

Anamanga zovala zake m'chitenje, bokosi n'kulisiya. Atsikana a m'chipinda chawo anangomuyang'ana chapatali, palibe amene anamuperekeza. Anakwera basi mpaka pa Chitakale. Podutsa pa sitolo ya bambo a Joice anayang'ana kumbali. Kuchokera pamenepo anayamba kuyenda wapansi, kukwera msewu wamatope ofiira wolowera ku esiteti.

Mvula inali itakata, ndipo dzuwa linali litapendeka. Amayi othyola tiyi anali kutsika m'minda ndi madengu kumsana, kupita kokayezetsa. Ena ankamudziwa ndipo anamufunsa kuti bwanji wabwera pakati pa sabata. Iye anangoti wabwera kudzaona amalume. Mayi wina wachikulire atamva zimenezi anaima, n'kutsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma mnzake anamukoka dzanja ndipo anapitirira.

Estele anayamba kufulumira. Ankafuna akafike kwa amalume ake anthu ena asanafikeko, akawauze zonse ndi pakamwa pake, akawapepese.

Atafika pokhota, pamene msewu umatsikira ku mlatho wamatabwa, anamva kulira kwa galimoto ikuchokera kumtunda. Anapatukira m'mphepete, miyendo n'kulowa m'tiyi wonyowa. Inali Landirova yotuwa ija, ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha matope.

Kutsogolo, pambali pa woyendetsa, kunali mlendo wa suti yakuda. Pakati pawo panakhala a Nampinga, kope lobiriwira lili pamiyendo. Kumbuyo, pakati pa anyamata awiri osawadziwa, kunali a Danieli. Anali akadali mu ovololo yawo yamafuta, opanda chipewa, ndipo nsapato inali kuphazi limodzi lokha.

Maso awo anakumana. Estele anakweza dzanja, mawu oti "amalume" ali kale pakamwa. Koma a Danieli anatembenuza nkhope msangamsanga n'kuyang'ana kuphiri, ngati kuti mtsikana woima m'tiyiyo sanamuonepo chibadwire. Estele anamvetsa kuti akumuteteza. Anatsitsa dzanja, n'kuwerama ngati akukonza katundu wake.

Galimoto inamudutsa, matope n'kumuthovukira pa siketi. Inawoloka mlatho. Ili kutsidya, a Nampinga anacheuka, n'kunena kanthu kwa mlendo uja akuloza kumbuyo ndi chala.

Galimoto ija inaima. Kenaka inayamba kubwerera chambuyo.